Netiweki ilipo, koma imelo ikuchedwa

Imelo ikachedwa kufika, anthu a ku Nsaru ndi ku Kabudula amathamangira kudandaula za netiweki. Nthawi zina amakhala akunena zoona. Koma WhatsApp ikamayenda bwinobwino pomwe imelo yokha ikuzengereza, vuto limatha kukhala kwina: pa sefa yomwe imapatula makalata achabechabe otchedwa spam.

Makalata oterewa sanayambe lero. Mu 1978, Gary Thuerk wa ku America anatumiza uthenga wotsatsa makompyuta kwa anthu pafupifupi 400 nthawi imodzi, ndipo ambiri anakwiya nawo. Masiku ano pafupifupi theka la maimelo onse oyenda pa dziko lapansi ndi spam. Kuno kwathu, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa mchitidwewu, ngakhale otumiza ambiri ali kunja komwe apolisi athu sangawafikire.

Choncho kalata iliyonse imayamba yapetedwa ngati mphale m'lichero. Kompyuta yolandira makalata imafufuza komwe yachokera, imawerenga mawu ake, n'kuunika mafayilo omwe amatidwa nayo. Makompyuta ena amachita dala kukana kalata ya munthu wachilendo ulendo woyamba, podziwa kuti wotumiza weniweni amayesanso pakapita mphindi zingapo, pomwe akathyali ambiri sabwerera. Njirayi imatchedwa greylisting. Ndiyothandiza ndithu, koma wophunzira wa ku Namitete Technical College yemwe akudikira nambala yachinsinsi yotsegulira fomu ya ntchito sangaiyamikire.

Palinso sefa ina ya mu kompyuta ya munthu mwini. Pulogalamu ngati Outlook imatsitsa makalata, kenako antivirus, pulogalamu yoteteza ku mavairasi, n'kumawaunika imodziimodzi. Kompyuta ikakhala yakale, bandulo ikakhala yochepa, makalata oitanira anthu ku chuma chabodza amadya nthawi ndi ndalama kalata yofunika isanaoneke.

Kuti vuto lidziwike, akatswiri amatsegula imelo yomweyo pa Chrome. Ikaoneka msanga kumeneko, ndiye kuti cholakwika chili mu kompyuta, ndipo kugwiritsa ntchito njira yolandirira makalata ya IMAP m'malo mwa ya POP3 kumathandiza, chifukwa makalata amatsalira pa seva, kompyuta yolandira makalata ija, osatsika onse. Kuzimitsiratu antivirus ndi nzeru yolakwika.

Kalata ikasowa, ndi bwino kusuzumira mu foda ya Spam ndi kulemba wotumizayo pa mndandanda wa anthu odziwika. Pa Gmail, kalata yomwe yagona mu fodayo masiku 30 imafufutika yokha.