Mapadi ndi atsopano, koma buleki ikulowa pansi: vuto lili pati?

ULONGWE — Nyengo yokumba mbatata ya kachewere ikafika ku Angónia ndi ku Tsangano, magalimoto amanyamula mopitirira muyezo, matumba pansi, anthu pamwamba. Ambiri amatsika kudzera pa Mussacama kupita ku Moatize ndi ku Tete, kuchoka kumapiri kulowa m'chigwa cha Zambezi. Pa msewu wotere, moyo wa onse okwera uli pa phazi la dalaivala.

Eni magalimoto ambiri amasintha mapadi a mabuleki, amene amakaniko a kuno amati pastilhas, ulendo usanayambe. Amachita bwino. Koma nthawi zina ntchito itatha, dalaivala akaponda buleki amapeza kuti chopondera chafewa ngati phala, chikulowa mpaka pansi. Abale, galimoto yotere isachoke pagalaja vuto lisanadziwike.

Choyamba n'chosavuta. Poika mapadi atsopano, makaniko amakankhira pisitoni m'kati kuti apeze malo. Pisitoniyo imakhala itatalikirana ndi mapadi. Injini isanalizidwe, pondani buleki pang'onopang'ono kangapo, osafikitsa pansi penipeni. Chopondera chikalimba n'kukhalabe cholimba, vuto latha. Mukaliza injini chimatsikako pang'ono, ndipo ilo si vuto.

Ngati chikulimba mukapopa koma n'kufewanso mukachisiya kanthawi, kawirikawiri m'mapaipi mwalowa mpweya. Mafuta a mabuleki sapanikizika, ndiye chifukwa chake mphamvu ya phazi imafika kumateyala. Mpweya umapanikizika, ndipo mphamvu imathera m'njira. Umalowa pamene paipi yamasulidwa, kapena mafuta atatsika kwambiri m'kabotolo kake.

Kuuchotsa kumafuna anthu awiri. Wina amaponda ndi kugwira, wina amatsegula kabauti kotulutsira mpweya, n'kukatseka mnzake asanachotse phazi. Amabwereza mpaka mafuta atuluke opanda thovu. Pa magalimoto ambiri amayambira ku teyala lakutali ndi pampu yaikulu ya mabuleki. Poti magalimoto athu ambiri chiwongolero chili kumanja, limeneli limakhala lakumbuyo kumanzere. Kabotolo kasaume ntchito ili m'kati, kuopa kulowetsa mpweya wina.

Yang'anani kabauti kaja. Kayenera kukhala pamwamba pa chopanira mapadi, chifukwa mpweya umakwera m'mwamba. Ngati makaniko anachotsa zopanira zonse ziwiri n'kuzisinthanitsa, chakumanja kuika kumanzere, kabauti kamakhala pansi. Apo mukhoza kupopa tsiku lonse, mpweya sutuluka.

Chizindikiro china ndi choopsa kwambiri. Pondani ndi kugwira osasuntha phazi. Ngati chopondera chikutsika chokha pang'onopang'ono, mafuta akuthawira penapake. Onani kuseri kwa teyala lililonse ndi m'mapaipi ngati pali ponyowa. Ngati paliponse n'pouma ndipo mafuta sakuchepa, malabala a m'kati mwa pampu yaikulu, bomba central, atha. Pa galimoto yakale malabalawa amang'ambika msanga pamene wopopa akufikitsa chopondera pansi, chifukwa amakhula pa dzimbiri limene sankafikapo kale. Pampuyo ikonzedwe kapena isinthidwe. Palibe njira yachidule.

Zilipo zina zofunika kuona. Timapini timene chopanira chimayendapo tikagwira dzimbiri, padi imakhala mopendekera. Paipi ya labala yokalamba imatupa buleki ikapondedwa. Mabuleki akumbuyo a dilamu akatalikira, chopondera chimayenda ulendo wautali chisanagwire. Ndiponso mapadi atsopano pa disiki ya mizere sagwira bwino mpaka atazolowerana. Ayeseni pa msewu wa see, galimoto ilibe katundu, poima kangapo pa liwiro lochepa.

Mawu awiri pa za mafuta. Gwiritsani ntchito olembedwa pa chitsekero cha kabotolo, DOT 3 kapena DOT 4. Mafuta amenewa amamwa chinyezi. A DOT 4 akakhala atsopano sawira asanafike madigiri 230, koma akamwa madzi amatha kuwira pa madigiri 155. Pa mtsetse wautali ndi katundu wolemera mabuleki amatentha, mafuta amawira, ndipo chopondera chimapita pansi nthawi imene mukuchifunitsitsa. Asintheni pakapita zaka 2, ndipo musagule a m'botolo lotsegula kale pamsika. Oyilo wa injini musathiremo ngakhale dontho, amatupitsa malabala onse. Potsika phiri ikani giya yaing'ono kuti injini ithandize mabuleki.

Kwa inu okwera: mukaona dalaivala akupopa buleki kawiri katatu kuti galimoto iime, lankhulani msanga mtsetse usanayambe. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mbatata ikhoza kufika ku Tete mawa.