Utsi wa Fodya Sudziwa Malire a Chipinda

Pa malo ambiri ochitira malonda m'maboma athu, ndiponso m'matauni monga ku Ndirande ndi ku Kawale, pali nyumba za lendi zomangidwa mwa mdadada. Mabanja anayi kapena asanu amakhala pansi pa denga limodzi. Kawirikawiri zipupa zogawa zipinda sizifika kumalata, ndipo siling'i mulibe. Motero bambo wa m'chipinda choyamba akayatsa ndudu kapena chingambwe usiku, utsi wake umadutsa pamwamba pa chipupa ndi kukatsikira pa khanda logona m'chipinda chachiwiri.

Pa ntchito yathu yoyendera nyumba timakumana ndi amayi odandaula kuti mwana wawo sakuleka kutsokomola, chonsecho pabanja pawo palibe wosuta. Tikakweza maso kudenga, nthawi zina gwero la vutolo limaonekeratu.

Mu utsi wa fodya muli mankhwala a mitundu yoposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likunena kuti chaka chilichonse anthu oposa 1 miliyoni osasuta amamwalira chifukwa chopuma utsi wa anzawo. Mwa ana, utsiwu umabweretsa chibayo ndi matenda a m'khutu, ndiponso umautsa mphumu. Mayi woyembekezera akamaupuma akhoza kubereka mwana wochepa sikelo. Kutsegula zenera sikuchotsa ngoziyi, pakuti ngakhale utsi wochepa umavulaza.

Vutoli si lathu lokha. Ku United States, kuyambira chaka cha 2018, kusuta n'koletsedwa m'kati mwa nyumba zimene boma limachititsa lendi kwa anthu osauka, ndipo wosuta ayenera kutalikira mamita pafupifupi 8 kuchokera panyumbayo. Dziko lathu la Malawi nalo linalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya m'chaka cha 2023.

Koma sitiyenera kudikira lamulo lochokera kutali. Eni nyumba ali kale ndi malamulo awo: tsiku lolipira lendi, zamu yosesa pabwalo ndi kasamalidwe ka chimbudzi. Pa malamulo amenewa awonjezerepo limodzi, lakuti fodya asasutidwe m'chipinda kapena pakhonde. Lamuloli linenedwe munthu asanalowe m'nyumba, ndipo likhudze aliyense, alendo ndi eni nyumba omwe. Wosuta asonyezedwe malo panja, kutali ndi zitseko ndi mazenera. Eni nyumba nawo adzapindula, chifukwa ndudu yoiwalika pamatiresi itha kutentha mdadada wonse.

Inu amene mukufuna chipinda, funsani za fodya monga mufunsira za madzi. Ngati mukukhalamo kale ndipo utsi ukukusautsani, yambani mwalankhula ndi mnansi wanu mwaulemu, pakuti osuta ambiri sadziwa kumene utsi wawo umathera. Zikakanika, kadandauleni kwa eni nyumba muli pamodzi ndi mabanja ena. Paja mutu umodzi susenza denga.

Wosuta si mdani ayi. Fodya ali ndi nikotini, amene amachititsa chibaba chovuta kuchigonjetsa, ndipo wofuna kuleka apite kuchipatala akalandire uphungu. Mwana akamapuma mofulumira kapena mobanika, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo musaiwale kuwauza adokotala za utsi umene mwanayo amagonamo.