Mutu 9: Kumata Zilembo pa Chitseko cha Buti

Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amene amanyamula anthu ndi matumba a mtedza m'misewu ya ku Ludzi, m'boma la Mchinji, ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, ndipo amafika ali ndi zilembo zonyezimira monga Toyota, Sienta kapena Probox pa chitseko cha buti, chomwe ndi chivundikiro cha malo oikamo katundu kumbuyo. Ngakhale zimaoneka ngati chitsulo, zilembo zambiri zamakono ndi zapulasitiki yolimba yotchedwa ABS, imene amaikuta ndi kromu, ndipo kuseri kwake kuli tepi yofewa yokhala ndi guluu mbali zonse ziwiri. Magalimoto akale ankakhala ndi zilembo zamisomali yolowa m'timabowo, koma timabowoto tinkalowetsa madzi n'kuyambitsa dzimbiri.

Chimene chimagwetsa chilembo kawirikawiri si kuchepa mphamvu kwa guluu ayi, koma dothi lotsala pa penti. Fumbi la m'chilimwe limakhuthukira kumbuyo kwa galimoto kuposa mbali ina iliyonse, chifukwa mphepo imazungulira pamenepo galimoto ikamathamanga, ndipo tepi ikamatidwa pa fumbilo imagwira fumbi m'malo mogwira penti. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amayamba watsuka malowo ndi sopo, kenako amapukuta ndi sipiriti kuti achotse mafuta ndi polishi, n'kudikira kuti paume. Akatero amamata kachingwe ka tepi yapepala mopingasa kuti kakhale mzere wolondolera, amayeza mpata wa pakati pa zilembo, ndipo pomaliza amasenda pepala lakuseri ndi kudinikiza chilembo chilichonse mwamphamvu kwa masekondi pafupifupi 30, podziwa kuti chikangokhudza penti sichisunthikanso bwino.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. M'mawa wozizira wa Juni kapena Julayi guluu amauma gwa ndipo samata mokwanira, pamene masana a Okutobala chitsulo chimatentha mwakuti sipiriti amauluka asanachotse mafuta, choncho ntchitoyi imayenera kuchitikira pamthunzi. Guluu wa mtundu umenewu amatenga maola pafupifupi 72 kuti agwiretu, ndipo si bwino kutsuka galimoto tsiku loyamba. Supa guluu, amene ambiri amathamangira popeza amapezeka m'magolosale, ndi wosayenera, chifukwa akauma amakhala wosapindika, amasweka ndi kugwedezeka kwa m'misewu yamabampu, ndiponso amasiya chipsera choyera pa penti.

Pochotsa chilembo chakale, mmisiri amachithira madzi ofunda kuti guluu afewe, n'kudutsitsa ulusi wa nayiloni kuseri kwake mocheka. Mpeni kapena sikuludiraiva zimakanda penti. Pansi pake pamatsala chithunzi cha chilembocho, popeza dzuwa limakhala litasuwitsa penti yozungulira, ndipo chithunzichi chimathandiza kubwezera chatsopano pamalo ake enieni.

Kumatika mosavuta kwa zilembozi kuli ndi vuto lake, pakuti wogulitsa wosakhulupirika angathe kumata 4WD kapena Hybrid pa galimoto imene ilibe zimenezo. Kuti asanyengedwe, wogula, makamaka m'dera lamalire ngati Mchinji kumene magalimoto amadutsa pa chipata cha Mwami kupita ndi kuchokera ku Chipata, amayenera kufananitsa nambala ya chasisi, yomwe imadindidwa pa chitsulo cha galimoto, ndi yolembedwa pa zikalata zochokera ku Road Traffic.