Bala lapola, koma BP ya mwana muziyezetsabe

Mwana akabwerako ku opaleshoni ya mtima, makamaka ngati anachita kukwera ndege kupita ku India monga zimakhalira ndi ana ambiri a kuno kwathu, pakhomo pamakhala chimwemwe chokhachokha. Bala likapola, mwana n'kuyamba kusewera mpira ndi anzake, mapepala a kuchipatala amaponyedwa pansi pa sutikesi.

Komatu pali vuto lina lobadwa nalo limene silitheratu ndi mpeni wa dotolo. Uku ndi kuthina kwa mtsempha waukulu wotchedwa aorta, umene umatenga magazi kuchokera mumtima kupita m'thupi lonse. Madotolo amalitcha vutoli coarctation.

Mtsemphawu ukatuluka mumtima umapindika ngati chogwirira cha ambulera, n'kupereka nthambi zopita kumutu ndi kumikono, kenaka n'kutsikira kumimba ndi kumiyendo. Mwa ana pafupifupi 4 pa 10 000 alionse obadwa, umakhala wothina pamalo amodzi, kawirikawiri kungopitirira nthambi ya mkono wamanzere. Anyamata ndiwo amapezeka nalo kwambiri. Zimakhala ngati paipi yothirira dimba yapondedwa: magazi amapanikizana kumtunda pamene kumiyendo akufika ochepa.

Dotolo woyamba kukonza vutoli anali Clarence Crafoord wa ku Stockholm m'dziko la Sweden, m'chaka cha 1944. Anadula pothinapo n'kulumikiza mtsemphawo. Phindu la opaleshoniyi n'losayamba. Kafukufuku wa dotolo wa ku Britain, Maurice Campbell, wa m'chaka cha 1970, anaonetsa kuti anthu amene sanachitidwe opaleshoni, kupatula omwe anamwalira ali makanda, ankamwalira ali ndi zaka pafupifupi 34.

Poyamba madotolo ankaganiza kuti akadula pothinapo ndiye kuti wodwala wachiriratu. Koma m'chaka cha 1989 chipatala cha Mayo Clinic ku America chinatulutsa zotsatira za odwala 646 amene anachitidwa opaleshoniyi. Patatha zaka 30, anthu 72 pa 100 alionse ndiwo anali moyo, ndipo ambiri mwa omwalirawo anapita kaamba ka matenda a mitsempha yodyetsa mtima. Amene anachitidwa opaleshoni atakula ndiwo ankavutika kwambiri ndi BP.

Nanga vuto limatsalira pati? Mtsempha wabwino umatamuka ngati chubu cha njinga mtima ukapopa, kenaka n'kubwerera. Mwa ana amenewa, mitsempha ya kumtunda kwa pomwe panali pothina imakhala youmirira ngakhale dotolo atakonza bwinobwino. Choncho mtima umapopa movutikira, mnofu wake n'kumakhuthala. Akatswiri apeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse amakhala ndi BP yokwera ngakhale opaleshoni inachitika ali khanda. Kwa ena imangokwera akathamanga. Choopsa n'chakuti mwanayo sadandaula chilichonse.

Apa ndiye pofunika kuti kholo litsegule pakamwa. M'zipatala zathu si kawirikawiri kuyeza BP ya mwana wa sitandade 3 amene wabwera ndi chifuwa, ndiye mukapanda kunena mbiri yake palibe angaganizireko. Pemphani kuti amuyeze pamkono wamanja, chifukwa pa maopaleshoni ena madotolo amagwiritsa ntchito mtsempha wa mkono wamanzere pokulitsira pothinapo, ndipo mkono umenewo ungaonetse BP yotsika. Lamba woyezera akhale wa msinkhu wake. Wa akuluakulu umaonetsa manambala otsika, kholo n'kubwerera kunyumba lili mtima m'malo pachabe.

Amuyezenso kumwendo ndi kumva kugunda kwa mtsempha wa mphechepeche. BP ya kumkono ikaposa ya kumwendo ndi 20, mwina pathinanso. Zikatero madotolo amatha kufutukulapo ndi kabaluni kolowetsedwa mumtsempha, osang'ambanso chifuwa.

Pafupifupi theka la anawa amabadwanso ndi valavu ya aorta ya zitseko ziwiri m'malo mwa zitatu, motero kujambulitsa mtima kuzipatala zazikulu monga Gulupu ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe kusalekeke, ngakhale thiransipoti imapweteka m'thumba. Dzina la opaleshoni ndi chaka chake zilembedwe m'buku lake la kuchipatala. Akakhala mtsikana, adzafunika kuonana ndi dotolo wa mtima asanatenge pathupi, poti nthawi ya pakati mtsemphawu umasenza magazi ochuluka kuposa masiku onse.