Mlonda wa thambo pa phiri la Haleakalā

Pamwamba pa phiri la Haleakalā, pachilumba cha Maui ku Hawaii, pali telesikopu yotchedwa Pan-STARRS1. Eni ake ndi akatswiri a zakuthambo a pa Yunivesite ya Hawaii, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kusaka miyala ya mlengalenga yomwe ingadzagunde dziko lathu.

Pa kukula siingadzitame. Galasi lake lalikulu ndi la mamita 1.8 basi, pomwe pachilumba choyandikana nacho matelesikopu a Keck ali ndi magalasi a mamita 10. Koma zimphona zoterezi zimaona kachigawo kochepetsetsa ka thambo, ngati munthu wosuzumira m'bango. Kusaka mwala womwe sukudziwa kuti uli kuti kumafuna maso oona ponseponse, ndipo izi ndi zomwe katswiri wa zakuthambo Nick Kaiser ndi anzake ankafuna pokonza telesikopuyi.

Nzeru zonse anaziika pa kamera. Kuwala kukagunda galasi lalikulu kumabwerera pa galasi lachiwiri, kenaka kumadutsa m'magalasi atatu owongola chithunzi kuti nyenyezi za m'mbali zisaoneke zopaka. Kumapeto kwake kuli tizipangizo 60 togwira kuwala, toyalidwa mothithikana, tomwe pamodzi tili ndi mapikiselo 1.4 biliyoni. Chithunzi chimodzi chimatenga dera lomwe mungayalemo miyezi yathunthu yoposa 30.

Usiku, telesikopuyi imajambula malo amodzi kangapo, kompyuta n'kufananiza zithunzizo. Nyenyezi zimakhala pomwepo. Kadontho kamene kasuntha ndiye kamayamba kufufuzidwa.

Poyamba anakonza zomanga matelesikopu anayi, koma ndalama zinavuta, moti lero alipo awiri. Yoyambayi inayamba ntchito yake mokwanira mu 2010. Pa 19 Okutobala 2017, katswiri wa zakuthambo Robert Weryk anaona m'zithunzi za telesikopuyi kadontho kothamanga modabwitsa, kotero kuti mphamvu ya dzuwa sikadatha kukagwira. Ichi chinali ʻOumuamua, chinthu choyamba kudziwika kuti chachokera kunja kwa dzuwa lathu ndi mapulaneti ake.

Tisanamizane, mlondayu saona zonse. Kukachita mitambo amapuma, ndipo mbali ya dzuwa sayang'anako. Mwala womwe unaphulika pamwamba pa mzinda wa Chelyabinsk ku Russia mu Febuluwale 2013, n'kuvulaza anthu oposa 1,000, unachokera mbali ya dzuwa, ndipo palibe telesikopu yomwe inauona ukubwera.