Kholo losatha kujambula lingaphunzitse mwana zojambula

M'maiko monga America, Britain ndi South Africa, komwe malamulo amalola maphunziro apakhomo, muli mabanja ambiri amene satumiza ana kusukulu koma amawaphunzitsa okha pakhomo. Masamu ndi kuwerenga sizivuta kwenikweni, chifukwa mabuku alipo ndipo mayankho amakhala kumapeto kwake. Phunziro limene makolo ambiri amalizemba ndi la zojambula. Mayi kapena bambo amene akudziwa kuti sangajambule ngakhale nkhuku amangogula buku lopaka makrayoni, n'kumusiyira mwana Lachisanu masana, basi phunziro latha. Kumeneku n'kulakwitsa ntchito. Chimene mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amafunika pa zojambula si dzanja la katswiri loti azitsanzira ayi, koma munthu womuphunzitsa kuyang'anitsitsa, ndipo izi kholo lililonse lingathe.

Umboni wake ndi wakale ndithu. Charlotte Mason, mphunzitsi wa ku England amene anabadwa mu 1842 n'kumwalira mu 1923, analemba buku lotchedwa Home Education mu 1886, kenako anayambitsa sukulu yotumiza ndondomeko ya maphunziro papositi kwa mabanja ophunzitsa ana pakhomo. Ku Ambleside anali ndi koleji yosula aphunzitsi a ntchito yomweyo. Njira yake pa zojambula inali yosavuta. Teremu iliyonse ankasankha katswiri mmodzi ndi zithunzi zake zisanu ndi chimodzi. Mwana ankapatsidwa chithunzi chimodzi kuti achiyang'ane mwakachetechete kwa mphindi zochepa, kenako chithunzicho ankachitembenuza, mwanayo n'kufotokoza zonse zimene waona. Wamkulu sankalalikira za mbiri ya luso, ankangomvetsera. Mabanja ambiri a ku America akutsatirabe njirayi mpaka lero.

Tiyerekeze ndi chithunzi chimene Jean-François Millet wa ku France anajambula mu 1857, cha amayi atatu akukunkha tirigu m'munda mokololedwa kale. Ulendo woyamba mwana anganene kuti waona amayi atatu, n'kuthera pomwepo. Akachionanso amazindikira kuti awiri awerama kwambiri pamene wachitatu msana wake waweramuka pang'ono, kuti chakutali kuli milu ya zokolola ndi munthu wokwera hatchi, kuti kutaliko n'kowala kuposa pamene pali amayiwo. Apa ndiye pagona luso. Mwana wamng'ono amajambula chimene akudziwa osati chimene akuona: tebulo amalipatsa miyendo inayi yofanana ngakhale akuona itatu, dzuwa amaliika pakona ya pepala chifukwa anzake amatero. Dzanja silingajambule chinthu chimene diso silinachione. N'chifukwa chake Mason ankafunanso kuti mwana aliyense akhale ndi kope lake lojambulamo masamba, maluwa ndi tizilombo timene wapeza panja, akuyang'ana chinthu chenichenicho.

Alipo otsutsa, ndipo si anthu wamba. Viktor Lowenfeld, amene buku lake la Creative and Mental Growth la 1947 linasula aphunzitsi ambiri ku America, ankaona kuti wamkulu akalowerera kwambiri amapha luso la mwana, ndipo mabuku opaka makrayoni ankadana nawo kwambiri. Pa ana aang'ono ananena zoona: kukonza chithunzi cha mwana wa zaka zinayi, kapena kumuuza kuti ng'ombe sikhala yobiriwira, n'kumufooketsa chabe. Koma kumusiya mwana yekha kuli ndi malire. Akamayandikira zaka khumi amayamba kudziona yekha kuti chimene wajambula sichikufanana ndi chinthu chenicheni, manyazi amamugwira, ndipo ambiri amataya pensulo pamsinkhu umenewu osadzaitolanso. Makolo amene amati satha kujambula, ambiri anasiyira pomwepa. Mwana wotereyu mawu oti wajambula bwino samuthandiza, chifukwa akudziwa kuti mukumunamiza. Chimene chimamuthandiza ndi funso lomubwezera ku chinthucho: khutu la galuyo layambira pati, pamwamba pa diso kapena kumbuyo kwake?

Ena amati zonsezi n'za anthu a ndalama, ndi za azungu. Zoona, mapenti ndi mapepala abwino n'zodula, ndipo zithunzi zimene Mason ankasankha zinali za ku Ulaya. Koma njirayo sisankha chithunzi. Kuno kwathu, makolo amene anakhala aphunzitsi mosafuna sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19 anali ndi zoyang'ana zokwanira. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zojambula pamiyala, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Ku Mua kuli Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, odzaza ndi zosemasema ndi zigoba za gule wamkulu. Ngakhale chitenje cha mayi chili ndi maluwa obwerezabwereza oti mwana angawayang'ane, n'kuchifunditsa, n'kufotokoza. Zipangizo nazo zilipo: khala la pamoto, katoni yakale, dothi loumbira ng'ombe.

Mfundo yovuta kuyikana ndi yoti mwana amafunika anzake. Mnyamata saphunzira kupanga galimoto ya mawaya kwa bambo ake, amaphunzira poonera anyamata okulirapo, kusirira, kusekedwa, n'kukonzanso. Mwana wophunzira yekha patebulo la kunyumba amasowa zimenezi, ndipo kholo lisadzinamize kuti lingalowe m'malo mwa gulu. N'chifukwa chake mabanja ambiri a ku America amasonkhanitsa ana awo kamodzi pamlungu kuti azijambulira limodzi. Ndipo imafika nthawi imene kuyang'ana kokha sikukwanira. Mtsikana wa zaka 13 amene akufuna kudziwa kusakaniza mitundu ya penti, kapena mnyamata wofuna kugwira sompho, ayenera kupita kwa mmisiri weniweni, kaya ndi wolemba zikwangwani pamsika, woumba mbiya kapena wosema ziboliboli. Mmisiriyo amagwira ntchito mosavuta ndi mwana amene wabwera atazolowera kale kukhala pansi n'kuyang'ana chinthu chimodzi kwa mphindi khumi.