Kukonzanso nyumba zakale kwa Mlolo

Kukonzanso nyumba yakale ndi ntchito yobwezeretsa mphamvu ya maziko, makoma ndi denga popanda kugwetsa nyumba yonse. Kwa Mfumu Yaikulu Mlolo, m'boma la Nsanje, ntchitoyi imayendera limodzi ndi vuto la madzi osefukira. Derali lili kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, kufupi ndi pomwe mtsinje wa Ruo umathira mu Shire, ndipo mbali yake ina, monga ku Makhanga, ndi yotsika kwambiri. Madzi anaononga nyumba zambiri kumeneko mu Januwale 2015, komanso pa nthawi ya namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023.

Mamangidwe a nyumba zakale

Nyumba zambiri za m'midzi zinamangidwa ndi zidina kapena njerwa zootcha zolumikizidwa ndi dothi. Denga limakhala laudzu kapena lamalata, ndipo maziko ake nthawi zambiri ndi osazama. Nyumba yotere ikhoza kuoneka yolimba madzi ataphwa, koma mavuto enieni amaonekera mmisiri akayamba kugumula pulasitala kapena kusasula denga.

Mavuto obisika

Vuto lalikulu limakhala m'tsinde mwa khoma. Madzi akakhala masiku angapo m'nyumba, dothi la pakati pa njerwa limafewa n'kukokoloka, ndipo khoma limatsala lopanda pogwira. Chinyezi chimapitirizanso kukwera kuchokera pansi ngati pamwamba pa maziko sanayalepo pepala lakuda lapulasitiki. M'madera ena a m'chigwa cha Shire madzi apansi ndi amchere. Madziwo akauma m'njerwa amasiya mchere wooneka ngati ufa woyera, umene umafumbutsa njerwa ndi kusenda pulasitala.

Dothi lamakande limabweretsa vuto lina. Limafufuma m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe, motero maziko amasuntha ndipo ming'alu imabwerera ngakhale itamatidwa. Madzi osefukira amasiyanso matope ndi mchenga zomwe zimakweza bwalo, mwakuti pansi pa nyumba pamatsika kuposa panja ndipo madzi amvula amalowera pakhomo. Kudenga, chiswe chimadya mitengo m'kati n'kusiya kunja kukuoneka kwabwino, pomwe dzimbiri limadya malata mozungulira misomali.

Ndondomeko ya ntchito

Amisiri odziwa ntchito amayamba ndi kufufuza. Amakumba pang'ono m'mbali mwa maziko, kugogoda makoma ndi kubaya mitengo yadenga kuti aone ngati ili yamphako. Ntchito yaikulu imayenda bwino m'chilimwe, makoma atauma, chifukwa pulasitala wopakidwa pa khoma lonyowa amatsekera chinyezi m'kati. Pa zidina pulasitala wasimenti sagwira bwino, choncho ambiri amazira ndi dothi kapena kusakaniza laimu ndi mchenga.

Njerwa zowola za m'tsinde amazichotsa pang'onopang'ono, chigawo chimodzi pa nthawi, n'kumangapo zina ndi simenti. Pambuyo pake amakweza pansi pa nyumba, kumanga khonde lozungulira ndi kukumba ngalande yopatutsa madzi. Denga amalimangirira ku khoma ndi waya kuti lisasasuke ndi mphepo. Utoto ndi zokongoletsa zimabwera pomaliza. Popeza kukula kwa vuto kumadziwika ntchito itayamba kale, mwini nyumba amafunika kusungako ndalama yapadera ya simenti, matabwa ndi mtengo wonyamulira katundu, umene umakwera misewu ikaduka.

Kukonza kapena kusamuka

Si nyumba iliyonse imene ingakonzedwe. Khoma lopendekeka kapena maziko omwe madzi anakumba kunsi kwake zimafuna kumanga kwatsopano. Boma, kudzera ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, lakhala likulimbikitsa anthu a m'malo otsika monga Makhanga kusamukira kumtunda. Mabanja ambiri zimawavuta kutero chifukwa madimba achonde, nsomba ndi manda a makolo awo zili kumunsi komweko. Pa chifukwa ichi, funso loyamba pokonzanso nyumba kwa Mlolo limakhudza malo amene nyumbayo ili, lisanafike pa njerwa ndi malata.